Mphatso ya Khrisimasi m'banja: kudziwa chosowa cha mnzako kumaposa mtengo

CHITUNGWIZA, Zimbabwe – Mwezi wa Disembala ukafika, misika ya pa Makoni ndi pa Chikwanha imadzaza ndi anthu ogula mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano za ana. Koma m'mabanja ambiri funso limodzi limatsalira kumapeto: kodi bambo ndi mayi a m'nyumba apatsana chiyani, pamene ndalama ndi zochepa ndipo sukulu zikutsegulidwa mu Januwale?

Tauni ya Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Harare. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, makamaka nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. M'mabanja otere mwambi wakuti kupatsa n'kuika sunaiwalike.

Mavuto a chuma asintha kapatsidwe ka mphatso. Mu 2008 mitengo inkakwera kangapo pa tsiku limodzi, mashopu anatsala opanda katundu, ndipo mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni. Chaka chomwecho dziko linayamba kugwiritsa ntchito ndalama zakunja, makamaka dola ya ku America, ndipo mu Epulo 2024 boma linabweretsa ndalama yatsopano yotchedwa ZiG. Anthu anaphunzirapo kuti katundu amasunga phindu kuposa ndalama yapepala.

N'chifukwa chake magulu osonkherana ndalama otchedwa mukando, ofanana ndi chipereganyu kapena banki m'khonde ku Malawi, ali ndi gawo lalikulu. Mamembala, ambiri mwa iwo amayi, amasonkha chaka chonse, kenaka mu Disembala amagawana ndalama kapena shuga, mafuta ophikira, sopo ndi ziwiya. Nthawi zambiri mphatso ya bambo a kunyumba imachokera m'gawo limeneli.

Mphatso yoganiziridwa bwino imayamba ndi kuona mmene mnzako amakhalira tsiku ndi tsiku. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku khonsolo ya Harare, ndipo kwa zaka zambiri mipopi yakhala ikuuma kawirikawiri. Mliri wa kolera wa 2008 unayambira m'tauni yomweyi. Mwamuna amene waona mkazi wake akulawirira ku mjigo akhoza kumugulira mgolo waukulu wosungira madzi. Mkazi amene waona mwamuna wake akuyenda ndi nsapato yong'ambika pokakwera minibasi ya ku Harare akudziwa kale chofunika.

Komabe pali kusiyana pakati pa mphatso ya munthu ndi katundu wa pakhomo. Poto, tsache kapena thumba la ufa zimathandiza banja lonse, ndipo mayi amene walandira zokhazi akhoza kumva ngati wangowonjezeredwa ntchito. Njira yabwino ndi kuphatikizapo kanthu kakang'ono ka mwini wake: chitenje, chomwe ku Zimbabwe amachitcha zambia, mpango, kapena malaya a ku tchalitchi.

Akatswiri a zachuma nawonso anaifufuza nkhaniyi. Mu 1993 Joel Waldfogel wa ku America anapeza kuti olandira mphatso za Khrisimasi amaziwerengera mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi ndalama zimene wogula anawononga. Anapezanso kuti kutayika kumeneku n'kochepa pa mphatso zochokera kwa okondedwa ndi abwenzi, chifukwa iwo amadziwa zokonda za wolandira.

Mabanja ena amakhala motalikirana chifukwa mmodzi akugwira ntchito ku South Africa. Ndalama zimafika msanga kudzera pa Mukuru kapena EcoCash, pamene katundu amadutsa pa chipata cha Beitbridge, pomwe mizere ya magalimoto imatalika kwambiri mu Disembala. Wotumiza katundu ayenera kuyamba msanga. Kwa amene wakhala yekha ndi ana chaka chonse, kufika kwa mnzake pakhomo ndiye mphatso yoposa zonse.

Choopsa chachikulu ndi ngongole. Mphatso yogulidwa ndi katapila, amene Ashona amamutcha chimbadzo, imasanduka mkangano Januwale akafika ndi fizi, yunifolomu ndi lendi. Milandu yotere ndi imene imathera kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo. Banja limene lakhala pansi Disembala asanafike, n'kupatula kaye ndalama ya sukulu kenaka n'kugwirizana za zotsalazo, limalowa chaka chatsopano lopanda chonong'oneza bondo.