Opaleshoni ya m'chiuno: geni ingadikire, koma mpamba usadyedwe

Wogulitsa tomato pa Mbulumbuzi kapena wopikula nandolo pa Namitambo amadalira chiuno kuposa sikelo. Ndi chiuno chomwe chimapirira dengu likakhala pamutu, chimawerama poyala milu, n'kupanikizika mu minibasi ya ku Limbe m'bandakucha. Chikathyoka pangozi ya kabaza, kapena fupa likadyeka mpaka madokotala kuikamo lachitsulo, geni imaima kwa miyezi.

Odwala ambiri a m'boma la Chiradzulu amayambira pachipatala cha boma kapena cha mishoni ku Nguludi, ndipo opaleshoni ikuluikulu amakachitira ku Blantyre. Kumeneko, chipatala cha Beit CURE chomwe chidatsegulidwa mu 2002 chidayamba mu 2005 kusunga kaundula wa anthu oikidwa mfundo zachitsulo. Kaundulayu adaonetsa kuti ambiri si nkhalamba: vuto lofala ndi kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu kaamba kosowa magazi. Adaonetsanso kuti omwa ma ARV amachira bwino ndithu, nkhani yofunika m'boma lomwe bungwe la MSF lidayamba kupereka mankhwalawa mu 2001.

Vuto limayamba munthu akabwerera kumudzi. Kwa masabata 6 mpaka 12 oyambirira, madokotala kawirikawiri amaletsa kunjuta, kupingasa miyendo ndi kukhala pampando waufupi woti maondo akwere kuposa chiuno, poopa kuti mfundo yatsopanoyo ingaguluke. Tsono malonda a pamsika ndi omwewo: chiguduli pansi, kampando ka m'khitchini, kuwerama kosalekeza potola chenji ndi kuika pulaizi. Wobwerera kumsika ayambe wapita kwa kalipentala. Benchi lofika m'chiuno ndi mpando wautali wokhala ndi pogwira n'zotchipa poyerekeza ndi ulendo wachiwiri wa ku thiyeta. Chimbudzi chokumba nachonso chimafuna mpando wobooka pakati, ngakhale ambiri amachita manyazi kufunsa za ichi.

Thumba la makilogalamu 50 lisiyidwe kwa a ganyu mpaka dokotala atalola, ndipo nthawi zambiri salola miyezi itatu isanathe. Ndalama ya wonyamula iwerengeredwe pamtengo wa katundu, monga momwe amawerengera thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Kabaza aiwalidwe kaye. Mu minibasi, mpando wakutsogolo ndiwo umalola mwendo kuongoka. Ndodo zoyendera asazitaye msanga chifukwa choopa kusekedwa, ndipo mafizo omwe adaphunzitsidwa kuchipatala azichita tsiku ndi tsiku. Bala likamatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena katumba akatupa n'kumawawa, benchi litsekedwe tsiku lomwelo, apite kuchipatala.

Komwe ambiri amagwa ndi pa mpamba. Thiransipoti ya ku Blantyre, chakudya cha wodikirira wodwala ndi ndiwo za pakhomo zimachokera m'thumba limodzi lomwelo looderamo katundu. Amene akudziwiratu tsiku la opaleshoni apatule ndalama yooda, aisunge pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo auze anzake a banki m'khonde nthawi ilipo kuti agwirizane za kabwezedwe ka ngongole. Katapila pa nthawi ngati iyi ndi msampha, chifukwa chiongoladzanja sichidziwa kuti munthu ali chigonere.

Malo pamsika nawo amapita akakhala opanda munthu. Wachibale wokhulupirika aziyalapo ngakhale katundu wochepa, azidula chiphaso, ndipo zonse zogulitsa ndi zangongole zizilembedwa m'kope madzulo aliwonse. M'miyezi imeneyi n'kwanzeru kusiya kaye tomato ndi kabichi zomwe zimafuna kuoda pafupipafupi, n'kugwira nyemba, mtedza, usipa wouma kapena mchere, zomwe zimadikira wogula osaola.

Tsiku lobwerera lisakhale la msika waukulu. Maola awiri kapena atatu a m'mawa, pa tsiku lopanda chipwirikiti, amakwana sabata yoyamba.