MAU OYAMBA A CIJAPANI

Pa 10 October 1964 amasewera a dziko lino analowa m'bwalo la Olympic ku Tokyo ndi dzina la Northern Rhodesia. Pa 24 October, tsiku lotseka masewerawo, anaturuka ndi dzina la Zambia. Kuyambira 1970 anyamata ndi atsikana a ku Japan amabwera kudzathandiza m'masukulu ndi m'zipatala, ndipo m'migodi muli makina a Komatsu ndi Hitachi. Motero nkwabwino kudziwako mau ena a cinenero cao.

Cijapani sicibvuta pa lilime la Mcewa. Ciri ndi mavawelo asanu omwe aja a Cinyanja, a, e, i, o, u, ndipo liu lace la "r" liri pakati pa "l" ndi "r" monganso m'Cinyanja. Pamene palembedwa "ch" pawerengedwe monga "c" wa m'mau akuti cimanga.

Koma cacikuru m'cineneroci ndico ulemu. Munthu amene anafikapo ku Mkaika m'mwezi wa August, naona mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique alikulamba kwa Kalonga Gawa Undi, sadzazizwa ndi mwambo wa Ajapani. Iwo popereka moni awerama, ndipo kwa wamkuru aweramitsa. Monga Mcewa aika "a" patsogolo pa dzina, Mjapani aika "san" pambuyo pace: a Tanaka ndiwo Tanaka-san. Koma munthu saika "san" pa dzina la iye mwini.

Mau a moni ndi awa:

Ohayo gozaimasu: moni wa m'mawa.
Konnichiwa: moni wa usana.
Konbanwa: moni wa madzulo.
Arigato gozaimasu: zikomo kwambiri.
Sumimasen: pepani, kapena odi pofuna kudutsa.
Sayonara: mau otsazikana.

Liu la "u" lotsiriza pa "gozaimasu" silimveka kwenikweni. Kwa bwenzi "ohayo" ndi "arigato" okha akwanira, koma kutero kwa wamkuru kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi.

Wa pa mgodi asunge mau enanso. "Abunai!" ndiko kuti "Pali ngozi!" "Tomare!" ndiko kuti "Ima!" Madzi ndiwo "mizu". Powerenga ati ichi, ni, san, yon, go, kucokera 1 kufikira 5.

Pomariza pali msampha umodzi. "Iie" ndiko kukana, ndipo "hai" ndiko kubvomera; koma kawirikawiri Mjapani ati "hai" potanthauza kuti alikumvetsera cabe, osati kuti wabvomera malonda kapena pempho. Nayenso wophunzira asamangoti "hai" cifukwa ca manyazi pamene alikulangizidwa za makina, pakuti manyazi otere angamdulitse dzanja. Anene "Wakarimasen", ndiko kuti "Sindinamvetse", naonjeze "Mo ichido onegai shimasu", ndiko kuti "Conde nenaninso". Akuru anati safunsa anadya phula.