Kuiwala kwa Nkhalamba Si Ufiti

M'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo, nkhalamba zina zimaiwala maina a ana ao, kapena kusokera usiku m'munda umene zinathyolamo tiyi zaka zambiri. Anthu akazipeza m'mawa amati mfiti yagwa. Iai, amenewa ndi odwala.

M'chaka cha 1906 dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anayesa bongo wa mai amene anamwalira ndi nthendayi. Anapezamo tizibuma ta mapuloteni tounjikana m'kati ndi pakati pa timaselo ta bongo. Tizibumati timapha timaselo pang'onopang'ono, bongo nufota, kuyambira mbali yosunga zinthu zatsopano. Ndicho chifukwa chake agogo amakumbuka zakale, naiwala kuti adya kale nsima. Kwa ena, mitsempha ya m'bongo imatsekeka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena shuga.

Nthendayi sipatsirana. Mankhwala oichiza sanapezeke, koma amene ayezetsa magazi ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma cha Thyolo, namwa mankhwala, amateteza mitsempha yao.

Kumbukirani kuti lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Aphunzitsi, uzani ana zimenezi, kuti agogo asamalidwe.