Kusunga data n'chimodzimodzi kusunga mbewu

Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko muno inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makompyuta a nthambiyo ndipo akufuna dipo. Ntchito inayambiranso mu March. Panthawi yonseyi, ofuna kupita ku Joni, ku sukulu zakunja kapena ku Haji anangokhala chodikira.

Nkhaniyi ikutipatsa funso: kompyuta ikatsekedwa kapena kuonongeka, zomwe zinali m'katimo zimabwerera bwanji?

Mabungwe akuluakulu amasunga data, kutanthauza maina, manambala ndi zithunzi, mu nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa database. Mwachitsanzo, pa kalembera wa 2018 alembi anagwiritsa ntchito matabuleti, ndipo ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inapeza kuti m'Malawi muli anthu opitirira 17.5 miliyoni. Nkhokwe yotere ndi imene imayankha mafunso monga akuti, ku Dedza kuli ana angati a msinkhu wa sukulu? Poiteteza, akatswiri amachita zinthu zitatu.

Choyamba ndi kukopera. Chilichonse cholembedwa pa kompyuta yaikulu chimalembedwanso nthawi yomweyo pa inzake, kuti ina ikazima inayo ipitirize ntchito. Vuto lake n'lakuti munthu akafufuta chinthu molakwitsa, chimafufutika konsekonse.

N'chifukwa chake pali chachiwiri, backup: kutenga data monga ilili pa tsiku lakutilakuti n'kukaisunga padera. Poti nkhokwe yaikulu imatenga maola ambiri kuikopera yonse, amaitenga yathunthu mwa apo ndi apo, ndipo masiku enawo amangotenga zomwe zasintha. Mlimi wa kuno ku Mayani sasunga mbewu ya nyemba m'thumba limodzi ndi zodya. Akatswiri nawonso amati data ikhale patatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo imodzi ikhale kutali, kosalumikizidwa ku intaneti.

Chachitatu ndi kubwezeretsa. Amayamba ndi backup yathunthu, kenako n'kuonjezera zosintha zija motsatana ndi masiku ake. Imodzi ikasowa pakati, zotsatira zake sizilowa bwino. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa sanayesepo. Mbewu yofumbwa imaoneka ngati mbewu mpaka tsiku lodzala.

Zimenezi si za boma lokha. Malikisi a ophunzira, ndalama za fizi ndi kaundula wa zopereka ku mzikiti ndi data. Aphunzitsi ndi a komiti, sungani mafailo anu pa flash kapena pa Google Drive sabata iliyonse, ndipo kamodzi pa teremu atseguleni pa kompyuta ina muone ngati akuwerengeka. Makolo ndi ophunzira, jambulani masatifiketi a MANEB ndi ziphaso za unzika, zithunzizo zisakhale m'foni imodzi yokha.