MATENDA OBISALA MU UFA WA TIRIGU

Masiku ano m'makomo ambiri, m'tauni ngakhalenso kumidzi, tiyi wa m'mawa amayendera limodzi ndi buledi, sikono kapena mandasi. Zakudya zimenezi zimapangidwa ndi ufa wa tirigu, ndipo kwa anthu ochuluka nzabwino ndi zopatsa mphamvu. Komabe alipo ena, ana ndi akulu omwe, amene matupi awo sagwirizana ndi tirigu. Kwa iwowa ngakhale chibenthu cha buledi tsiku ndi tsiku chingathe kuwononga matumbo pang'onopang'ono, mwiniwake osadziwa chimene chikumudya. Matenda amenewa madokotala amawatcha coeliac, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lonena za mimba.

Mu tirigu muli chinthu china chotchedwa guluteni. Ndicho chimene chimachititsa kuti ufa wa tirigu ukakandidwa uzinanda ndi kutamuka, zimene ufa wa chimanga suchita. Guluteni amapezekanso mu balere ndiponso mu mbewu ina yolimidwa ku Ulaya yotchedwa rye.

M'kati mwa matumbo aang'ono a munthu muli timinofu tambirimbiri tooneka ngati tizala, timene ntchito yake ndi kuyamwa zofunika za m'chakudya ndi kuzipereka ku magazi. Munthu wa coeliac akadya guluteni, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi matumbo ake omwe. Timinofu tija timafota, ndipo khoma la matumbo limasalala. Zikatero chakudya chimangodutsa osasiya kanthu. Munthu amadya nkukhuta, koma thupi lake limakhalabe ndi njala.

Padapita nthawi yaitali madokotala asanadziwe gwero la matendawa. M'chaka cha 1888 dokotala wina wa ku London, Samuel Gee, adalemba bwino lomwe za zizindikiro zake, nanena kuti mankhwala ake ali m'kadyedwe, koma chakudya cholakwacho sadachipeze. Amene adachitulukira ndi Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, yemwe adayamba kale kukayikira tirigu. M'nyengo yachisanu ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, m'dzikomo mudagwa njala yoopsa ndipo buledi adasowa. Chodabwitsa chidali chakuti ana odwala coeliac adayamba kupeza bwino pamene anzawo ankavutika. Buledi atabweranso, matenda nawo adabwerera. Dicke adafalitsa zimene adapezazi m'chaka cha 1950.

Kwa ana aang'ono zizindikiro zimayamba kuoneka pakapita masabata kapena miyezi kuchokera pamene mwana wayamba kupatsidwa buledi, mabisiketi kapena phala la m'sitolo lokhala ndi tirigu. Mwanayo amatsegula m'mimba kosalekeza, ndipo chimbudzi chake chimakhala chotuwa, chamafuta ndi chonunkha koposa. Mimba imatupa pamene manja, miyendo ndi matako zikufota. Mwana amene adali wosangalala amasanduka wolira-lira ndi wosafuna kudya. Kusikelo, mzere wa pa khadi lake umaleka kukwera, mwinanso umatsika. Ana okulirapo amapinimbira, amachedwa kutha msinkhu, ndipo mano awo achikulire angatuluke ndi mawanga kapena timaenje.

Kwa akuluakulu matendawa amabisala kwambiri, pakuti ena satsegula m'mimba nkomwe, ndipo ena amadzimbidwa. Kawirikawiri munthu amangodandaula za kutopa kosatha, mpweya wodzaza m'mimba, kuwonda popanda chifukwa, kapena zilonda za m'kamwa zobwerabwera. Chizindikiro chachikulu ndi kuchepa kwa magazi kumene sikumva mankhwala: munthu amamwa mapiritsi oonjezera magazi miyezi ingapo koma osasintha, chifukwa matumbo sakuwalandira. Ena mafupa awo amafooka nkumathyoka msanga. Amayi ena amavutika kuima, kapena amapita padera kangapo. Palinso matuza ang'onoang'ono oyabwa kwambiri amene amatuluka m'zigongono, m'maondo ndi m'matako, mbali zonse ziwiri za thupi mofanana.

Akatswiri amayerekeza kuti pa dziko lonse munthu mmodzi mwa anthu 100 ali ndi coeliac, ndipo ambiri a iwo sadziwa. Kale ankati ndi matenda a Azungu okha, koma kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 1999 adapeza kuti pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, okhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Algeria kumene chakudya chachikulu chidali ufa wa tirigu, mwana mmodzi mwa ana 18 adali nawo. Matendawa sapatsirana, koma amayenda m'magazi a pabanja: mwa makolo, abale ndi ana a wodwala, mmodzi mwa 10 amapezeka nawo. Amakondanso anthu amene adayamba matenda a shuga ali ana. Komatu popanda guluteni matendawa sadzuka. Munthu wokulira nsima ndi phala la mgaiwa angakhale bwinobwino zaka zambiri, nkudzayamba kudwala atasamukira m'tauni, kapena ku Johannesburg ndi ku London, kumene buledi amadyedwa m'mawa ndi madzulo omwe.

Si aliyense wovutika ndi tirigu amene ali ndi coeliac. Alipo ena amene akadya buledi mimba imatupa ndi kupweteka, mutu nkumawawa, koma akayezedwa matumbo awo amapezeka osawonongeka. Amenewa amangosagwirizana ndi guluteni. Enanso akadya tirigu amatuluka zidzolo nthawi yomweyo, milomo nkutupa, mwinanso kubanika. Ameneyo ndi wofunika kuthamangira naye kuchipatala mosazengereza.

Nkofunika kukumbukira kuti kutsegula m'mimba, kuwonda ndi kuchepa kwa magazi kuno kwathu kumabwera kawirikawiri ndi njoka za m'mimba, malungo, chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV kapena kuperewera kwa zakudya m'thupi. Motero munthu asadzigamule yekha. Coeliac ndi woyenera kumuganizira makamaka pamene matenda enawa afufuzidwa ndi kuchizidwa koma wodwala sakusintha. Pofuna kutsimikiza, madokotala amayeza magazi, kenaka amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa nkutapa kachidutswa ka matumbo kokaunika. Cholakwa chimene ambiri amachita ndicho kusiya tirigu asanayezedwe. Akatero matumbo amayamba kupola, ndipo zoyeza zimaonetsa ngati munthu alibe vuto. Nchifukwa chake madokotala amalangiza kuti munthu azidyabe za tirigu tsiku lililonse kwa masabata 6 asanayezedwe.

Akapezeka ndi coeliac, mankhwala ake ndi amodzi okha: kusiyiratu tirigu, balere ndi rye moyo wonse. Izi zikutanthauza buledi, mandasi, sikono, makeke, mabisiketi, chapati, sipageti ndi mowa wa m'mabotolo wofululidwa ndi balere. Tirigu amabisalanso m'masoseji ena ndi mu supu wa m'mapaketi, ndipo ophika ena amamusakaniza m'zitumbuwa ndi m'chigumu, choncho nkwabwino kufunsa. Ngakhale mafuta amene akazingira mandasi sayenera kuphikira chakudya cha wodwalayo.

Mwayi ulipo ngwakuti zakudya zamakolo zilibe guluteni. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mapira, mawere, mbatata, nthochi, nyemba, mtedza, usipa, mazira, ndiwo zamasamba ndi zipatso, zonsezi wodwala angadye mosaopa. Akasiya tirigu, ambiri amayamba kupeza bwino m'masabata ochepa, ngakhale kuti matumbo a munthu wamkulu angatenge chaka kapena ziwiri kuti apole ndithu. Mwana amayambanso kukwera sikelo ndi kusewera ndi anzake.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mayi amene waona kuti mwana wake adayamba kufota atayamba kudya buledi, kapena bambo amene wamwa mapiritsi a magazi miyezi yambiri osasintha, ayenera kukafotokoza zimenezi kuchipatala momveka bwino, natchula zakudya zimene amadya ndi nthawi imene vuto lidayamba. Mawu ochepa amenewo angathandize dokotala kupeza matenda amene akadabisala zaka zambiri.