Zida ndi luso la mainjiniya a zomangamanga ku Katowo

Injiniya wa zomangamanga ndi katswiri amene amakonza mapulani ndi kuyang'anira ntchito yomanga misewu, milatho, ngalande, madamu, nyumba zikuluzikulu ndi mapaipi a madzi. Makina akuluakulu monga gireda amakhala ndi owayendetsa awoawo. Zida za injiniya mwiniwake zambiri ndi zoyezera: kukwera ndi kutsika kwa malo, kulimba kwa dothi, kuchuluka kwa madzi ndi mphamvu ya konkire. Luso lake lagona pa kuwerenga zimene wayezazo n'kugamula chochita. Nkhaniyi ikufotokoza zida ndi luso limeneli potengera dera la Katowo m'boma la Rumphi.

Dera la Katowo

Katowo ali ku Hewe, m'dera la Mfumu Yaikulu Katumbi, kumadzulo kwa boma la Rumphi kufupi ndi malire a Malawi ndi Zambia. Derali lili m'munsi mwa mapiri a Nyika ndipo layandikana ndi nkhalango ya nyama ya Vwaza. Mitsinje yake, monga wa Hewe, imatsikira ku dambo la Vwaza. Msewu wochokera pa boma la Rumphi umadzera ku Bolero, ndipo kwa zaka zambiri gawo lalikulu la msewuwu lakhala lafumbi.

Mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo. Msewu ukaduka nthawi imeneyi, ambulansi yochokera pa chipatala cha Katowo imavutika kufika kuchipatala chachikulu cha Rumphi ndipo feteleza amachedwa. Ukapanda kukonzedwa mvula itatha, fodya wopita kumsika wa ku Mzuzu amakwera mtengo wonyamulira. Choncho mdani wamkulu wa injiniya kuno ndi madzi, ndipo zida zambiri zimene amanyamula zimamuthandiza kudziwa kumene madziwo adzadutse.

Kuyeza malo

Ntchito iliyonse imayamba ndi kuyeza. Zida zosavuta ndi tepi, chingwe, zikhomo ndi levulo ya amisiri yokhala ndi kadontho ka mpweya. Pofuna ngodya yolunjika bwino ya maziko, amayeza mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali ina. Ngati mtunda wopingasa wakwana mamita 5, ngodyayo ili bwino.

Poyeza kukwera kwa malo amagwiritsa ntchito levulo yoima pa miyendo itatu, yomwe ambiri amaitcha dumpy level, pamodzi ndi ndodo yolembedwa manambala. Wina amaimika ndodoyo, injiniya n'kumawerenga kudzera pagalasi. Mwachitsanzo, tinene kuti pali chizindikiro chokhazikika chimene kutalika kwake ndi mamita 100.000. Ndodo ikaimikidwa pamenepo n'kuwerenga 1.850, ndiye kuti diso la levulo lili pa mamita 101.850. Ndodo ikasunthidwa n'kuwerenga 0.600, malo atsopanowo ali pa mamita 101.250, kutanthauza kuti akwera ndi mamita 1.250. Woyeza wosamala amabwerera pa chizindikiro chimene anayambira kuti aone ngati manambala akugwirizana.

Pa ntchito yaikulu pamakhala makina otchedwa total station, amene amayeza ngodya ndi mtunda nthawi imodzi n'kusunga manambalawo, komanso zida za GPS zolandira uthenga kuchokera ku masetilaiti. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, motero imathandiza kupeza malo koma siyokwanira kuikira ngalande. Kutali ndi magetsi odalirika, mabatire apadera ndi buku lolembamo ndi pensulo zimakhala zofunika ngati makinawo.

Kuyesa dothi

Msewu ndi mlatho zimatsamira pa dothi, ndipo dothi silofanana. Katondo wa kumtunda kawirikawiri amapirira katundu. Makande a m'madambo amafufuma akanyowa, n'kung'aluka akauma, ndipo amathyola chilichonse chomangidwa pamwamba pake mosasamala. Injiniya amakumba maenje oyesera, n'kuona mitundu ya dothi, n'kulifinya m'manja. Dothi lonyowa likamapotoka ngati chingwe chopyapyala osaduka, ndiye kuti lili ndi dongo lambiri.

Chida chodziwika pa misewu ya kumidzi ndi DCP. Ndi ndodo yachitsulo yosongoka kumapeto, yokhala ndi nyundo yolemera makilogalamu 8 imene imagwa kuchokera pa mamilimita 575. Oyesa amawerenga mamilimita amene ndodo yalowa m'nthaka nyundo ikagwa. Ikalowa kwambiri, dothilo ndi lofooka. Chidachi sichifuna magetsi ndipo anthu atatu akhoza kuchigwiritsa ntchito, n'chifukwa chake chimayenerera malo ngati Katowo. Mu 2013 Unduna wa za Mtengatenga ndi Ntchito za Boma unatulutsa buku lotsogolera mainjiniya pokonza misewu ya phula yodutsa magalimoto ochepa pogwiritsa ntchito chida chimenechi.

Mayeso ena amafuna labotale, monga Central Materials Laboratory ya boma ku Lilongwe kapena labotale imene kampani yomanga imakhazikitsa pamalo a ntchito. Kumeneko amasefa dothi kuti adziwe kukula kwa timiyala take ndipo amayesa kulimba kwake ndi njira ya CBR, imene inayambira ku California. Amachitanso mayeso a Proctor, amene Ralph Proctor anafalitsa mu 1933. Mayesowa amasonyeza kuti dothi lililonse lili ndi mlingo wa chinyezi umene limatsenderekera bwino kwambiri. Likauma mopitirira silimatana, likanyowa mopitirira limaterereka. Ichi ndiye chifukwa chake galimoto yothira madzi imatsogola, makina otsendera n'kumatsatira, ndipo dothi limaikidwa m'magawo opyapyala a mamilimita pafupifupi 150.

Madzi a mvula

Mvula ya milimita 1 ikagwa pa hekitala imodzi imakwana malita 10,000. Mvula ya mamilimita 30 pa mahekitala 50 ndi malita 15,000,000. Ena amalowa pansi, ena amayenderera kufunafuna potsika. Asanaike kalavati kapena mlatho, injiniya amayeza pa mapu kukula kwa dera limene limatsanulira madzi pamalopo, amaona kutsetsereka kwake ndi zomera zake, ndipo amatenga ziwerengero za mvula ku Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo. Phiri lodulidwa mitengo limatulutsa madzi ambiri m'kanthawi kochepa kuposa phiri la nkhalango, choncho kalavati imene inkakwanira kale ikhoza kuchepa.

Timitsinje tambiri tilibe zida zoyezera madzi. Apa injiniya amafufuza zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo amafunsa akuluakulu a m'mudzi pamene madzi osefukira anafika chaka choipitsitsa. Malo amene amulozera amawayeza ndi levulo, n'kukhala nambala ya mu pulani.

Msewu weniweniwo umaumbidwa wokwera pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Pa msewu wafumbi kupendekeka kumeneku kumakhala cha m'ma 4 mpaka 6 peresenti. Msewu wa mamita 6 m'lifupi wopendekeka ndi 5 peresenti umakwera pakati ndi masentimita 15. Kapitawo amatsimikiza zimenezi ndi thabwa lodulidwa mwa mlingo womwewo, levulo ili pamwamba. Madzi ofika m'ngalande za m'mbali amapatutsidwa ndi tingalande tolowera kutchire asanachuluke, ndipo pamalo otsetsereka amaika timizere ta miyala m'ngalande kuti tichepetse liwiro. Msewu wopanda zimenezi umasanduka mtsinje ngakhale utathiridwa nsangalabwi zabwino.

Konkire

Konkire ndi chisakanizo cha simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi madzi. Pa ntchito zing'onozing'ono amatsatira mlingo ngati 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala, ndipo amayeza ndi bokosi la mlingo umodzi chifukwa mafosholo sadzadza mofanana. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Simenti yofika ku Katowo imayenda ulendo wautali kuchokera kumafakitale monga a ku Kasungu ndi ku Blantyre, motero injiniya amaona ngati sinagwire chinyezi, ndipo amalamula kuti isungidwe pa matabwa m'nyumba yosadontha. Mchenga wa mumtsinje amauyesa pouika m'botolo la madzi n'kukhutchumula: dothi losafunika limakhala pamwamba pa mchenga likadikha.

Cholakwika chofala ndi kuthira madzi ambiri kuti konkire isavute kutapa. Madzi opitirira amasiya timabowo akauma, ndipo konkireyo imafooka. Pofuna kupewa zimenezi amachita mayeso a slump. Amadzaza konkire m'chitini chobooka mbali zonse, chotalika mamilimita 300, chachikulu kunsi ndi chaching'ono kumwamba, n'kuchizula. Kenako amayeza mmene muluwo wafwafwanthukira. Amathiranso konkire ina m'zikombole za mamilimita 150 mbali zonse, ndipo timabuloko timeneti timakaphwanyidwa ndi makina ku labotale pakatha masiku 7 ndi masiku 28. Konkire siilimba chifukwa chouma koma chifukwa simenti ikugwirizana ndi madzi, choncho imathiriridwa kapena kufunditsidwa masaka onyowa kwa masiku osachepera 7.

Konkire imapirira kupanikizidwa koma siipirira kukokedwa, n'chifukwa chake mumaikidwa zitsulo. Asanalole kuthira, injiniya amawerenga zitsulozo, amayeza kukula ndi kutalikirana kwake, ndipo amaonetsetsa kuti zidzakwiririka mokwanira kuti zisachite dzimbiri. Konkire ikathiridwa, cholakwika chilichonse chabisika. Kusamala kotere n'kofunika kwambiri m'chigawo cha kumpoto, kumene zivomezi zimachitika, monga za ku Karonga za mu Disembala 2009.

Madzi a m'mapaipi

Malawi ali ndi mbiri ya madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera kumapiri popanda injini. Njira imeneyi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo inafika m'madera a Rumphi monga Hewe ndi Nkhamanga. Apa levulo ndiyo imalamulira zonse, pakuti madzi sangakwere kupitirira pamene achokera. Mamita 10 aliwonse otsika amawonjezera mphamvu ya madzi pafupifupi bar imodzi, moti paipi yotsika mamita 60 imasenza ma bar pafupifupi 6 madzi akaima. Mphamvu ikapitirira imene paipi ingapirire, amamanga kathanki pakati pa njira kuti madzi apumiremo n'kuyambiranso. Pa kasupe, ndowa ndi wotchi zimakwanira: ndowa ya malita 20 ikadzaza m'masekondi 10, ndiye kuti pakutuluka malita 2 pa sekondi. Muyeso wodalirika ndi wa mu Okutobala kapena Novembala mvula isanayambe, pamene madzi achepetsetsa.

Mapulani, kompyuta ndi mabuku

Manambala ochokera kuthengo amasanduka mapulani mu ofesi. Mainjiniya amajambula ndi AutoCAD, pulogalamu imene inatuluka mu 1982, amawerengera ndi Microsoft Excel, amaona mapu ndi QGIS kapena Google Earth, ndipo amayesa kayendedwe ka madzi m'mapaipi ndi EPANET. Kompyuta imabweza yankho pa nambala iliyonse imene yapatsidwa, yolondola kapena yolakwika, choncho injiniya amayerekezanso yankholo ndi pensulo. Silabu ya mamita 5 ndi 4, yochindikala mamita 0.15, imafuna konkire yokwana makyubiki mita 3, yolemera matani pafupifupi 7.

Pa mapulaniwo pamachokera ndandanda ya zipangizo ndi kuchuluka kwa ntchito, imene makampani amaikapo mitengo popikisana ndipo pambuyo pake amalipidwira. Palinso ndondomeko ya masiku, imene ku Katowo imatsatira nyengo: ntchito ya dothi ndi maziko a milatho imayenera kutha mvula isanagwe. Buku la tsiku ndi tsiku, lolembedwamo nyengo, antchito, zipangizo zofika ndi malangizo operekedwa, ndilo limakhala mboni pakabuka mkangano.

Kugwira ntchito ndi anthu

Msewu kapena paipi imadutsa m'minda, pafupi ndi manda ndi pa malo a makolo. Injiniya amayamba wakumana ndi mafumu, makomiti a chitukuko ndi akuluakulu a khonsolo ya Rumphi asanakhome chikhomo. Anthu ambiri ku Katowo amalankhula Chitumbuka, choncho wochokera kwina amafuna womasulira wokhulupirika. Amayeneranso kufotokozera amisiri pulani m'mawu osavuta, kuonetsetsa kuti onse avala zisoti, jombo ndi zovala zowala, ndiponso kuti dzenje lakuya lachirikizidwa kuti lisagumukire anthu. Luso lovuta kuposa onse ndi kukana ntchito yosakwana mlingo pamene ena akukakamiza kuti asaine.

Maphunziro ndi malamulo

Dzina la ntchitoyi linafala ku Britain ndi John Smeaton (1724–1792), amene analigwiritsa ntchito podzisiyanitsa ndi mainjiniya a usilikali, ndipo bungwe la Institution of Civil Engineers linakhazikitsidwa ku London mu 1818. Ku Malawi, maphunziro a digiri amaperekedwa ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, imene kale inali The Polytechnic. Wofuna kulowa ayenera kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a MSCE. Amisiri omanga amaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA.

Womaliza maphunziro amagwira kaye ntchito pansi pa injiniya wodziwa asanalembetsedwe ndi Malawi Engineering Institution, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Lamulo la 1996 linakhazikitsa National Construction Industry Council kuti izilembetsa makampani omanga, ndipo lamulo la 2006 linakhazikitsa Roads Authority yoyang'anira misewu ikuluikulu ya dziko. Misewu ing'onoing'ono yambiri ya kumidzi ili m'manja mwa makhonsolo a maboma.