Msasa wa Luwani ndi Mlandu Umene Sudazengedwe

Mu 2016 boma la Malawi lidatsegulanso msasa wa othawa kwawo wa Luwani m'boma la Neno, umene udatsekedwa mu 2007. Amene adasamutsidwira kumeneko adachokera m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo poyamba adaunjikana pamudzi wa Kapise ku Mwanza, komwe adapitirira 10,000. Ankasimba za asilikali a boma amene ankaotcha nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti akudyetsa anyamata a gulu lolimbana ndi boma la Renamo, ngakhale boma la Maputo linkakana. Akuluakulu a ku Neno sadadabwe nazo, pakuti ku Luwani ndi ku Chifunga adalandirako kale alendo otere pankhondo ya 1977 mpaka 1992. Nkhani ya misasa imeneyi ikutionetsa chilema chachikulu cha dongosolo limene maiko amayendetsera mtendere: limadziwa kudyetsa wothawa nkhondo, koma lilibe dzanja logwira wamphamvu amene wayatsa nkhondoyo.

Malire amene anthuwa adadutsa adalembedwa ndi Britain ndi Portugal mu 1891, motsata msana wa mapiri a Kirk Range, popanda kufunsa mfumu iliyonse ya kuno. Mbali zonse ziwiri kuli anthu a chilankhulo chimodzi, okwatirana ndi oyenderana pamaliro. Nkhondo nayo sidayambire m'midzi yawo. Mozambique italandira ufulu mu 1975, mtsogoleri wake Samora Machel adatseka malire ake ndi Rhodesia mu Marichi 1976, pomvera chilango chimene bungwe la United Nations lidaikira boma la azungu la Ian Smith. Malipiro a kumverako adali owawa. Akazitape a Rhodesia, motsogozedwa ndi Ken Flower, adalera gulu la Renamo, ndipo Zimbabwe itamasuka mu 1980 boma latsankho la South Africa lidatenga udindo wolipatsa mfuti ndi maphunziro a nkhondo. Mu 1984 Samora ndi P.W. Botha wa South Africa adasaina pangano la Nkomati lakuti aliyense aleke kuthandiza adani a mnzake, koma zikalata zimene zidagwidwa ku Gorongosa mu 1985 zidaonetsa kuti asilikali a South Africa adapitiriza kutumiza zida.

Nanga bungwe losunga mtendere lidali kuti? Ku United Nations nkhani za nkhondo zimagamulidwa ku Security Council, komwe maiko asanu, America, Britain, France, Russia ndi China, ali ndi mipando yosachoka komanso mphamvu yotchedwa veto. Limodzi mwa iwo likangoti ayi, chigamulo chafa, ngakhale ena onse atavomereza. Zili ngati bwalo la mfumu limene nduna zisanu zili ndi ufulu woimitsa mlandu uliwonse wokhudza izo kapena abwenzi awo. Mu 1977 bwaloli lidaletsa kugulitsa zida ku South Africa, koma pamene maiko adapempha chilango cha zamalonda m'ma 1980, America ndi Britain adachitsekereza. Kwa iwo South Africa idali linga lotchinga chikomyunizimu, ndipo Samora adali mnzake wa Soviet Union.

Ndalama za masamu amenewa adalipira ndi anthu amene sadafunsidwe. Pofika 1992 Malawi, dziko limene kalembera wa 1987 adapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Mabungwe ankagawa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira kwa amene ali ndi khadi, koma nkhuni sizinkakwanira, choncho mitengo yozungulira misasa idatha. Mayi wa pamudzi amene ankatola nkhuni kuseri kwa nyumba adayamba kulawira m'bandakucha, ndipo pachitsime ankapeza mzere wa ndowa utafika patali. Mafumu adapereka malo, mabanja adagawana minda ndi achibale a kutsidya. Dziko lonse nalo lidatsamwa: pofika 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala zidali zitaduka, feteleza ndi mafuta a galimoto zidayamba kuzungulira ku Durban, ndipo malole odutsa ku Tete kulowera pa Zobue ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe.

Ena amati tisamanamizire akunja, nkhondoyi idali ya eni ake. Mfundoyi ili ndi choonadi. Frelimo, chipani cholamula cha Samora, idathetsa zipani zina, idanyoza mafumu ndi kukakamiza alimi kusamukira m'midzi ya boma, ndipo zimenezi zidapatsa Renamo otsatira enieni. Malawi nayo sidali yoyera m'manja. Kamuzu Banda adamanga ubale ndi South Africa kuyambira 1967, ndipo mu Seputembala 1986 Samora, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adafika ku Blantyre kudzamuuza maso ndi maso kuti Renamo ikudutsira m'dziko lake. Komabe dandaulo la mlimi silisanduka lokha mfuti, mabomba okwirira ndi mawailesi a nkhondo kwa zaka 15. Zimenezo zidachokera kunja, ndipo ngakhale khalidwe la Kamuzu likutsimikiza mfundo yomweyi: dziko laling'ono lopanda doko, likaona kuti palibe lamulo loliteteza, limabisala kumbuyo kwa wamphamvu amene ali pafupi.

Enanso amati United Nations idagwira ntchito yake, ndipo apa tiyenera kuyamikira poyenera kuyamikira. Pulezidenti Joaquim Chissano wa Mozambique ndi Afonso Dhlakama wa Renamo atasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, bungweli lidatumiza asilikali osunga mtendere a ONUMOZ, lidayang'anira chisankho cha 1994, ndipo anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera kwawo kuchokera m'maiko oyandikana. Koma taonani nthawi yake. Zokambiranazo adayambitsa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo zidatheka chifukwa mkangano wa America ndi Soviet Union udali utatha, tsankho la South Africa likugwa. United Nations idalowa amphamvu atataya chidwi, anthu pafupifupi 1 miliyoni atafa kale. Palibe khoti la maiko limene lidazenga mlandu wa amene adatumiza zida, ndipo khoti la ICC, limene lidayamba mu 2002, siliweruza za m'mbuyo. Chilonda chimene sichidatsukidwe chidatukusiranso, n'chifukwa chake Luwani idafunikanso, mpaka Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade wa Renamo adasainanso mtendere mu Ogasiti 2019.

Mu 2005, pa mgwirizano wa Ezulwini, maiko a Africa adapempha mipando iwiri yosachoka yokhala ndi veto. Mpaka lero Africa, ndi maiko ake 54 ku United Nations, ilibe ngakhale umodzi. Mpandowo pawokha sungathetse nkhondo, ndipo kuchulukitsa okana kungachulukitsenso milandu yoimitsidwa. Chofunika kwambiri n'chakuti dziko lokhudzidwa ndi mlandu, kapena loteteza mnzake pamene anthu wamba akuphedwa, lisakhale ndi mphamvu youimitsa. Nthumwi za Malawi ku New York ndi ku Addis Ababa zili ndi umboni wokwanira wolankhulira zimenezi mosanyengerera, ndipo umboniwo zikautenge kwa anthu a ku Luwani ndi ku Chifunga akadali moyo.